Kalata yotseguka kwa atsogoleri a Amalawi mu Johannesburg: ana athu akufafanizidwa m'kaundula wa sukulu

Kwa akuluakulu a ofesi ya kazembe wa dziko la Malawi ku Johannesburg, abusa ndi akulu a mipingo, mashehe a m'mizikiti yathu, ndi inu apampando a magulu a maliro ndi achitukuko a Amalawi m'chigawo cha Gauteng.

Olemekezeka,

Ndikulemberani za kujomba kwa ana athu kusukulu, ndi za malamulo a dziko lino pa nkhaniyi, amene ambiri mwa ife timawamva tsiku limene mwana wachotsedwa kale m'kaundula. Ndasankha kulembera inu, osati a unduna wa maphunziro, chifukwa ndinu amene mumatisonkhanitsa. Lamlungu tili kwa inu, Lachisanu tili kwa inu, mnzathu akatisiya timathamangira kwa inu ndi kope la zopereka, pasipoti ikatha timakafola pakhomo panu. Palibe mphunzitsi wamkulu mu Joni muno amene angalankhule ndi Amalawi ochuluka pa sabata imodzi ngati mmene inu mumachitira. Komatu pa zilengezo za kutchalitchi, pakhomo la mzikiti, kapena pa magulu athu a WhatsApp amene sagona, simumveka munthu akufotokoza kuti mwana akajomba masiku 10 otsatizana sukulu isakudziwa chifukwa, dzina lake limafafanizidwa.

Sindikukuimbani mlandu. Magulu athuwa anabadwa nthawi imene wobwera ku Joni anali bambo yekha. Agogo athu a Wenela ndi Theba ankasiya ana kumudzi m'manja mwa amayi awo ndi atsibweni, iwo n'kumagona m'makomboni a migodi. Chimene munthu wotere ankafuna kwa anzake chinali njira yotumizira ndalama kwawo, ndi lonjezo loti akamwalira mafupa ake akagona kumanda a makolo. Ntchito ziwirizi timazidziwa bwino mpaka lero. Koma pitani ku Mayfair, Fordsburg, Rosettenville, Yeoville, Diepsloot, Cosmo City kapena Zandspruit m'mawa wa tsiku la sukulu. Muona ana a yunifolomu amene anabadwira m'zipatala za konkuno, amene Chizulu chimawatuluka msanga kuposa Chichewa kapena Chiyao, ndipo kwa ambiri a iwo Malawi ndi malo amene amapitako kukakhala maliro. Anawa ali pansi pa lamulo la sukulu la South Africa, ndipo lamulolo limagwira ifenso makolo awo.

Lamulo lalikulu ndi South African Schools Act la 1996. Mu Seputembala 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasayina lamulo lolisintha, limene anthu amangolitchula kuti BELA. Phokoso limene tinkalimva pa wailesi nthawi ija linali la chilankhulo chophunzitsira ndi la mphamvu yolemba ana pasukulu, moti ndime ziwiri zimenezo zinayamba zaimitsidwa kwa miyezi itatu. Ife tinkati ndi mkangano wa eni dziko ndi sukulu zawo za Afrikaans. Anthu ali mkati mokokanakokana pa zimenezo, ndime zofika pakhomo pa aliyense wa ife zinadutsa mwakachetechete.

Tsopano mwana ayenera kuyamba ndi Grade R, kalasi yokonzekera Grade 1, m'chaka chimene akukwanitsa zaka 6. Kale chikakamizo chinkayambira pa zaka 7, ndipo ambiri a ife tinkaona Grade R ngati kireshi, ya amene ali ndi ndalama. Mwanayo sayenera kusiya sukulu mpaka tsiku lotsekera m'chaka chimene akukwanitsa zaka 15, kapena atamaliza Grade 9, chilichonse chimene chayambirira kufika. Kholo limene lapatsidwa kalata yochenjeza kuchokera kwa mkulu wa dipatimenti ya maphunziro m'chigawo, koma osatumizabe mwana kusukulu popanda chifukwa chomveka, likhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka miyezi 12. Kale inali miyezi 6. Lamuloli silifunsa ngati kholo ndi la ku Soweto kapena la ku Mangochi.

Kwathunso lamulo la maphunziro la 2013 limati pulayimale ndi yokakamiza, ndipo yakhala yaulere kuyambira 1994. Koma tonse tinakulira komweko, tikudziwa mmene zimayendera. Mwana amasowa nthawi yopalira, kapena tsiku la msika, kapena usipa ukagwa kunyanja, akabwerera aphunzitsi amene kalasi yawadzadzira mpaka pakhomo amangomuuza kuti apeze pokhala. Chizolowezi chimenechi ndi chimene tinawoloka nacho Beitbridge, ndipo kuno sichigwira.

Kuno kuli ndondomeko ya boma ya 2010 yonena za kupezeka kwa ana m'kalasi. Kaundula amalembedwa tsiku lililonse. Ndondomekoyo imatchula zifukwa zovomerezeka zoti mwana n'kujombera: matenda, imfa ya wachibale, kuitanidwa kukhoti, kubereka, miyambo ya chipembedzo kapena ya chikhalidwe imene komiti yoyendetsa sukulu, ija amati SGB, yavomereza, ndi zina zotere. Matenda akapitirira masiku atatu mphunzitsi wamkulu ali ndi ufulu wofunsa kalata ya dokotala, ngakhale ya sing'anga, pakuti ndondomekoyo imamuzindikiranso. Mwana akasowa masiku atatu otsatizana popanda chifukwa chodziwika, mphunzitsi wa kalasi ayenera kuuza mphunzitsi wamkulu, ndipo BELA ikuti iyeyo asanathe maola 24 ayesetse kupeza kholo kuti amve chimene chachitika, n'kudziwitsanso SGB. Zikafika masiku 10 otsatizana a sukulu popanda chifukwa chovomerezeka, dzina la mwana limachotsedwa m'kaundula wa kalasi.

Masiku 10 a sukulu ndi masabata awiri basi. Tsopano inu apampando a magulu a maliro, werengerani nokha ulendo wa maliro kuchokera kuno. Uthenga wafika pakati pa sabata kuti agogo atisiya ku Mangochi kapena ku Mzimba. Mayi apempha tchuthi kwa abwana, abwereka ndalama uku ndi uku, agula tikiti ku Park Station. Basi idutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, iwoloke Zambezi pa Tete, ikalowe ku Mwanza kapena ku Dedza. Malire akakomera mtima ndi masiku awiri, akavuta atatu. Ukatsika ku Blantyre kapena ku Lilongwe ulendo sunathe, pali wina wopita kumudzi. Ngati wamwalirira kuno ndiye kuli kudikira kaye mapepala a thupi, ndipo nyumba ya siwa siitumiza mwana kusukulu. Kumudziko mukaika maliro simungonyamuka m'mawa mwake ngati mlendo. Pali kusesa, pali kukhala pansi ndi akubanja pa za ana amasiye ndi katundu, kwa anzathu achisilamu pali sadaka. Ndiyeno pali chimene sititchula pagulu: ndalama yobwerera inathera pa bokosi ndi pa ufa wa anthu opepesa, mayi akudikira kuti bambo alandire kumapeto kwa mwezi awatumizire. Ana anawatenga chifukwa mu Joni mulibe azakhali owasiyira. Pamene akutsikanso basi ku Park Station, masabata atatu apita.

Lolemba lake mwana avala yunifolomu, akafika kusukulu n'kumva kuti salinso m'kaundula. Chopweteka kwambiri pamenepa n'choti imfa ya wachibale ili pa mndandanda wa zifukwa zovomerezeka. Chimene chinasowa ndi kalata ya mizere isanu yopita kwa mphunzitsi wamkulu basi isananyamuke, yonena kuti tagweredwa zovuta, tikupita ku Malawi, tikuyembekeza kubwera tsiku lakuti, nambala yotipezera kumeneko ndi iyi. Sikuti kalatayo ndi chilolezo chokakhala kumudzi mwezi wathunthu, ayi. Koma imasiyanitsa mwana wosowa ndi mwana amene sukulu ikudziwa kumene ali.

Wina anena kuti wochotsedwa m'kaundula akhoza kulembedwanso. Zoona, kholo likhoza kupemphanso malo. Koma muno ndi mu Gauteng, mmene Januwale aliyense makolo zikwizikwi, eni dziko amene, amafola m'maofesi a maphunziro ana awo alibe malo. Desiki imene mwana wako waisiya sidikira.

Inu mumadziwa kulongosola maliro mwaluso lodabwitsa. Pa maola ochepa mumakhala mutapeza galimoto, ngolo yokoka, mapepala a kumalire ndi mndandanda wa operekeza. Ndikupempha kuti pa mndandanda womwewo mlembi awonjezere funso limodzi: pa ulendowu pali ana a sukulu angati, amaphunzira kuti, kalata yapita? Munthu woferedwa mutu sugwira, sangakumbuke za kaundula. Wokumbukira akhale mlembi wa gulu, ndipo m'modzi mwa otsala akasiye kalatayo kuofesi ya sukulu n'kusayinitsa kope lake.

Maliro sasankha tsiku, koma pali maulendo ena amene timasankha tokha. Chaka cha sukulu kwathu chimayamba mu Seputembala n'kutha mu Julayi, ndiye tchuthi chachikulu chimagwa mu Ogasiti. N'chifukwa chake jando ndi nsondo, maukwati ambiri ndi kumanga ziliza zimachitika nyengo imeneyo. Kuno chaka chimayamba mu Januwale n'kutha mu Disembala, materemu ndi anayi, ndipo Ogasiti ali pakatikati pa teremu yachitatu. Bambo amene watumiza mnyamata wake kundagala ku Machinga mu Ogasiti amamubweza atakula pa mwambo, koma atataya theka la teremu. Mashehe ndi akuluakulu a mwambo, nkhani iyi ndi yanu kuposa wina aliyense. Sindikunena kuti mwambo uthe. Ndikunena kuti amene ana awo amaphunzira kuno auzidwe poyera kuti kalendala ya kumudzi si ya mwana wawo, aganizire tchuthi cha Disembala kapena njira zina zimene mabanja ena akutsata kale. Ngakhale tsiku la Eid, limene sukulu zambiri za kuno zimalidziwa bwino, ndi bwino kulembera sukulu nthawi isanakwane m'malo mongomusunga mwana kunyumba.

Za Disembala ndiye tonse ndife mboni. Mitengo ya basi imakwera Khirisimasi ikamayandikira, choncho anthu amanyamuka kumapeto kwa Novembala, mayeso ena asanalembedwe, lipoti lisanatuluke. Pobwera amadikira kuti mitengo itsike, n'kufika kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, pamene sukulu zinatsegulidwa pakati pa Januwale. Kholo limati sabata zoyamba saphunzira kanthu. Koma pa tsiku lakhumi la chaka sukulu iliyonse imawerenga ana amene alipo n'kutumiza chiwerengerocho kuboma, ndipo mwana amene sanaonekere chitsegulire amaoneka ngati wasamuka. Komanso kuno kukhoza sikudalira mayeso a kumapeto okha. Ntchito ya m'kati mwa chaka imawerengedwa, ndipo m'makalasi oyambirira, mpaka Grade 3, malikisi onse amachokera pa ntchito imeneyo. Ndalama imene tapulumutsa pa tikiti timadzaibweza ndi chaka chathunthu mwana akabwereza kalasi.

Palinso ana amene amabwera kuchokera kwathu pakati pa maphunziro. Wamaliza Sitandade 5 mu Julayi, makolo amuitanitsa, wafika mu Ogasiti. Anthu amalangizana kuti angodikira Januwale. Imeneyo ndi miyezi isanu mwana wa zaka 11 atatsekeredwa m'chipinda chimodzi kapena mu mkukhu, akuonera TV, makolo ali kuntchito. Lamulo lija silinena kuti wofika pakati pa chaka apumule kaye. Kholo lipite kusukulu yapafupi, ikakhala yodzaza lipite kuofesi ya maphunziro ya dera lake, litanyamula lipoti lomaliza ndi kalata yosamutsira ya sukulu ya kwathu. Mapepala awiriwa ndi amene ambiri timawaiwala, pamene nsomba zouma ndi mpunga wa kilombero sitiiwala. A ofesi ya kazembe mungathandize pofalitsa kumudzi komwe kuti mwana wopita ku Joni asakwere basi opanda kalata ya sukulu yake.

Ndifike pa nkhani imene imatisowetsa tulo, ya mapepala. Makolo ambiri samutumiza mwana kusukulu, kapena amamujombetsa, chifukwa cha mantha. Iwo eni masiku 30 amene anapatsidwa polowa anatha kalekale, mwana ali ndi kalata ya kuchipatala yokha, ndiye amaganiza kuti kulemba dzina lake kusukulu ya boma ndi kudzipereka okha kupolisi. Anthu awa ayenera kumva kuchokera kwa inu, amene amakukhulupirirani, kuti ndime 29 ya malamulo aakulu a dziko lino imati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambirira. Sinati nzika zokha. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda, pa mlandu umene bungwe la Centre for Child Law linasumira unduna wa maphunziro, linagamula kuti mwana asakanizidwe kapena kuchotsedwa sukulu chifukwa alibe chiphaso chobadwira, pasipoti kapena chilolezo chokhalira m'dziko. Unduna unatumiza kalata yozungulira m'zigawo zonse mu 2020 kuti chigamulocho chitsatidwe, ndipo BELA yabwerezanso mfundo yomweyo. Pamene palibe chiphaso, kholo kapena womulera amalemba kalata yolumbira yofotokoza kuti mwanayo ndi ndani.

Ndikudziwa kuti zolembedwa ndi zochitika pageti zimasiyana. Mu 2025 a Operation Dudula, gulu lolimbana ndi anthu ochokera kumaiko ena, atatha kutsekereza anthu m'makiliniki, analengeza kuti alowera kusukulu. Mu Novembala chaka chomwecho khoti lalikulu la mu Johannesburg linawaletsa kufunsa anthu ziphaso ndi kusokoneza anthu ofuna chithandizo m'zipatala ndi ana m'sukulu. Lamulo la sukulu nalonso limati munthu wina aliyense woletsa mwana kupita kusukulu popanda chifukwa akhoza kulandira chilango chomwe chija cha miyezi 12. Koma kwa ife mphekesera imathamanga kuposa chigamulo. Wina akaponya mawu pa WhatsApp kuti mawa kuli chipwirikiti, osatulutsa ana, uthengawo umazungulira magulu onse usiku umodzi, wa chaka chatha n'kumaoneka ngati wa lero. Tsiku lina zimakhala zoona ndipo palibe angadzudzule kholo losunga mwana wake. Masiku ambiri zimakhala zabodza, koma m'kaundula mwalembedwa kale kuti wajomba. Inu amene mumayang'anira magulu amenewa, tsimikizani kaye musanalole uthenga wotere kufalikira, ndipo chikakhala choona kumbutsani makolo kuti aimbire sukulu.

Akuluakulu amati kwa eni kulibe mkuwe, ndipo mwambi umenewu tinaumeza wonse. N'chifukwa chake kalaliki wa pasukulu akatibweza pawindo kuti opanda pemiti sitilemba, timangothokoza n'kutembenuka. N'chifukwa chakenso ambiri timathawira ku tisukulu ta anthu tili m'nsanjika za m'tauni ndi ku Hillbrow, kumene safunsa zambiri bola fizi. Zina mwa sukulu zimenezi ndi zolembetsedwa ndipo zimagwira ntchito yabwino. Zina sizolembetsedwa konse, boma limazitseka, ndipo lipoti lake sukulu ina siilandira. Kholo lili ndi ufulu wopempha kuona satifiketi yosonyeza kuti sukuluyo inalembetsedwa ku dipatimenti ya maphunziro ya Gauteng lisanalipire kalikonse.

Fizi nayonso imajombetsa ana, nthawi zambiri popanda sukulu kunena kanthu. Kholo likakhala ndi ngongole limachita manyazi, n'kumusunga mwana kunyumba mpaka litapeza ndalama. M'sukulu za boma lamulo silola kubweza mwana, kumuletsa mayeso kapena kumumana lipoti chifukwa cha fizi. Sukulu zambiri za m'makomboni ndi zosalipiritsa n'komwe, ndipo ana amalandirako chakudya. M'zimene zimalipiritsa muli fomu yopempha kuchotseredwa, ndipo fizi ya pachaka ikafika gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zonse zimene makolo amapeza pachaka, sayenera kulipira. Mayi wa ntchito ya m'nyumba ndi bambo wa kugadeni ambiri akanapindula ndi fomu imeneyi akanadziwa kuti iliko.

Zina ndi zathu zomwe, sitingaloze chala boma. Mtsikana wa Grade 6 amene amajomba Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse chifukwa ndi masiku amene amayi ake amapita kukachapa, ndipo kireshi ya khanda ndi yodula. Mnyamata amene anayamba ndi kuthandiza amalume ake kutsuka magalimoto Loweruka, pano Lolemba nalonso ali komweko, pamene lamulo la ntchito la dziko lino limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 15. Mwana amene amatengedwa kukiliniki kuti akamasulire amayi ake. Mtsikana amene watenga pathupi n'kutumizidwa kumudzi usiku kuti anthu a kutchalitchi asaone, chonsecho khoti lalikulu kwambiri la dziko lino linanena mu 2013 kuti malamulo a sukulu ochotsa mwana chifukwa cha mimba akuoneka kuti akuphwanya ufulu wake ndipo awunikidwenso, ndipo mtsikanayo ali ndi ufulu wophunzira mpaka atachira n'kubwereranso. Ana ojomba mwa apo ndi apo chonchi safika masiku 10 otsatizana, choncho palibe amawafafaniza, palibe amaimba foni. Amangotsalira pang'onopang'ono, abwereze kalasi, akafika zaka 15 aziti sukulu yawakanika. Abusa, anawa mumawaona Lamlungu lililonse m'kwaya ndi ku Sande sukulu. Mukamayendera mabanja mumafunsa za chakhumi ndi za ukwati wosadalitsa. Funsaninso kuti mwana uyu sabata ino wapita masiku angati.

Sindikuiwala kuti moyo wa kuno umamuchotsa kholo pakhomo kusanache. Wogwira ntchito ku Sandton kapena ku Randburg akukhala ku Diepsloot amakwera taxi mwana akadali m'tulo, ndipo amayi ogonera kuntchito amaonana ndi ana awo Loweruka lokha. Mwana akhoza kuvala yunifolomu, kutseka chitseko, n'kukathera kupaki, kholo osadziwa teremu yonse. Ndalama ya galimoto yonyamula ana ikatha mwezi usanathe, amakhalanso pakhomo. Apa ndi pamene foni ya sukulu ija ya maola 24 ikanatipulumutsa, koma sukulu iimbira nambala iti? Timasintha manambala ngati malaya. Foni yabedwa mu taxi, simu yatsekedwa, tagula ina pamsewu, kusukulu kukadali nambala ya zaka zitatu zapitazo. Ngakhale malo a Grade 1 ndi Grade 8, amene mu Gauteng amafunsiridwa pa intaneti chaka chisanathe, yankho lake limabwera pa uthenga wa pafoni, ndipo ukapanda kuvomera pa masiku ochepa malowo amapita kwa wina. Pa fomu ya sukulu pazikhala nambala yachiwiri ya munthu wokhazikika, mkulu wa mpingo kapena mlembi wa gulu. Izi zimathandiza kwambiri tsiku limene kholo lagwidwa n'kupititsidwa ku Lindela, kumene amasunga alendo odikira kubwezedwa kwawo. Pa tsiku lotere timasonkha ndalama ya loya ndi ya chakudya, ana n'kugona kwa aneba, koma kusukulu sikupita munthu.

Tsono kwa inu a ofesi ya kazembe, pali zimene ife makolo wamba sitingathe koma inu mungathe. Johannesburg ili ndi maofesi a maphunziro a madera asanu, Central, East, North, South ndi West. Kalata yanu yopempha kukumana ndi akuluakulu a maofesi amenewa ikhoza kutsegula chitseko chimene ife timagogoda mpaka zala kutupa. Mukakumana nawo musakapemphe kuti ana a Amalawi akhale ndi lamulo lawolawo. Lamulo lilipoli ndi labwino, ndipo ine ndimakondwa kuti mwana wanga ali m'dziko limene kusowa kwake m'kalasi kumawerengedwa. Mukapemphe kuti lizitsatidwa lonse, osati mbali yofafaniza yokha. Sukulu isachotse dzina isanayesetse kupeza kholo monga mmene lamulo likunenera. Akalaliki a pawindo akumbutsidwe za chigamulo cha 2019. Mwana wochedwa chifukwa taxi yachedwa alangidwe ali mkati mwa mpanda, osati kumutsekera kunja kwa geti kuti azingoyendayenda m'misewu ya Joni. Ndipo mphunzitsi wamkulu akalandira kalata ya maliro a ku Malawi azidziwa kuti kumeneko si ku Limpopo kumene munthu amapita Lachisanu n'kubwera Lamlungu.

Mukawapemphenso malamulo a kujomba ndi a kakhalidwe ka ana pasukulu, kuti muwaike pa tsamba limodzi m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, pamodzi ndi chitsanzo cha kalata yodziwitsa sukulu imene kholo lingangolembapo dzina ndi masiku. Sukulu iliyonse ya boma ili ndi malamulo ake a kakhalidwe amene SGB imakhazikitsa itamva maganizo a makolo, aphunzitsi ndi ana, ndipo BELA ikuti malamulo amenewo aziganizira zikhulupiriro, chikhalidwe ndi thanzi la mwana. Timawasayina kumayambiriro kwa chaka osawawerenga, chifukwa ali m'Chingerezi cha maloya ndipo pamzere pali anthu. Kumisonkhano ya makolo sitipita, kuopa kufunsidwa kumene timachokera. Koma kumeneko ndi kumene amagwirizana za nthawi yotsekera geti, za masiku a chipembedzo ndi za fizi. Masankho a SGB amachitika zaka zitatu zilizonse, monga amene anachitika mu 2024. Mpingo uliwonse ndi mzikiti uliwonse uli ndi munthu m'modzi kapena awiri odziwa Chingerezi ndi Chizulu bwino, ena ndi aphunzitsi amene anasiya choko kwathu n'kudzagwira ntchito zina kuno. Asankheni kuti aziperekeza makolo kumisonkhano imeneyi ndi kuofesi ya mphunzitsi wamkulu pakakhala vuto.

Tsambalo likatuluka, liwerengedwe pa zilengezo kawiri pachaka: mu Julayi, anthu asanatumize ana ku miyambo ya Ogasiti, ndi kumayambiriro kwa Novembala, matikiti a Disembala asanagulidwe, pamodzi ndi tsiku lenileni lotsekera ndi lotsegulira sukulu.

Ine wanu,
Mayi wa ana a sukulu, ndi membala wa gulu la maliro,
Johannesburg